Memori ya Kanema wa Abambo

Adokotala sanabise mawu. Lolemba m'mawa amayi alowa ku opaleshoni ya diso lakumanzere, lomwe linatsala likuona, ndipo palibe angalonjeze kuti akadzamasula bandeji adzaonanso. Amayi anapempha chinthu chimodzi chokha: kuonera kanema wa malemu abambo, amene ndinakhala ndikuwalonjeza kwa zaka ziwiri.

Manyazi anandigwira, poti kukonza makanema ndi zithunzi ndiyo ntchito yanga. Zidutswa zonse ndinali nazo, za m'mafoni, za pakamera, ndi zithunzi zakale zomwe ndinazitsuka chimodzichimodzi. Vuto linali laputopu yanga yokalamba. Ndikangoika zidutswa zinayi pamzere, abambo ankayenda modukizadukiza, kenako zonse n'kuuma gwa. Kompyuta yatsopano ndinali nditaimanga kale patebulo la pabalaza. Chotsala chinali memori, timatabwa tiwiri timene makina amayalapo ntchito imene akugwira pa nthawiyo.

Achimwene, amene amakonza magalimoto ndipo amakhulupirira kuti chilichonse chokhala ndi fani ndi m'bale wake wa injini, anati zimenezo ndiwasiyire. Lachisanu anatulukira ndi kaphukusi akumwetulira.

"Iyi ndiye yothamanga kuposa zonse m'shopu muja, mlongo wanga. Komanso imayaka magetsi a mitundumitundu."

"Magiga angati?"

"Sikisitini. Koma liwiro lakelo!"

Ndinangogwira kukamwa. Magiga sikisitini pa makanema olemera chonchi, kuphatikiza pulogalamu ya zithunzi yotsegula pambali, kunali ngati kusita bulangete pa mpando. Tisanafike n'komwe pokangana, timatabwa tawo tamagetsito tinakana kulowa. Tinali titalitali, tikugunda chitsulo choziziritsa pulosesa, ubongo wa kompyuta.

Loweruka ndinalawirira kushopu, mtima uli m'mwamba, chifukwa amatseka masana. Mayi wogulitsa anandimvetsera osandidula mawu, kenako anandifunsa dzina la bodi, thabwa lalikulu la m'kompyuta pomwe memori imalowa, ndi kukula kwa makanemawo.

"Kwa inu liwiro libwere pambuyo," anatero. "Chachikulu ndi malo. Tengani magiga sikisite-folo, timatabwa tiwiri ta m'paketi imodzi, tatifupi. Musasakanize ndi tinato, ngakhale akunyengerereni bwanji. Mukaike pa mpata wachiwiri ndi wachinayi."

Anayamba kunena chinachake chokhudza kuyatsa koyamba, koma foni yanga inalira. Anali amayi, kufunsa ngati zatheka. Ndinatuluka ndikuthamanga osamva mapeto ake.

Kunyumba timatabwa tinalowa bwinobwino, kulira kuti khe, khe. Ndinadina batani. Mafani anazungulira, kanyali kachikasu kanayaka pabodi, koma sikirini inangokhala bii. Achimwene anawerenga mpaka makumi atatu n'kuzimitsa. Tinazula, kupemerera, kubwezera, kuyatsanso. Bii. Anazimitsanso. Tinachita zimenezi kasanu, ine thukuta lili kamukamu. Ndinaimbira kushopu, foni inangoitana. Anali atatseka, ndipo Lamlungu satsegula.

"Akugulitsa zakufa," anatero achimwene. "Tichotse choziziritsacho, tiike zanga zija."

"Mukufuna tiotchenso pulosesa? Chotsani manja anu pamenepo!"

Sindinawakalipirepo chibadwire, ndipo tonse tinadabwa. Ndinali ndi mantha enieni. Ndinkaona amayi akulowa m'chipinda cha opaleshoni ali ndi lonjezo langa lokha m'manja.

Amayi anatuluka kuchipinda akupapasa khoma, n'kukhala pa mpando wapafupi ndi tebulo.

"Mwakhala mukuchiyatsa n'kuchizimitsa kuyambira masana," anatero. "Inu munthu angakufunseni funso n'kukutsekani pakamwa musanayankhe? Tachiyatsani, ndipo wina asachikhudze."

Ndinayatsa. Achimwene anaika manja m'thumba kuti asachimwe. Mphindi imodzi inatha, yachiwiri, yachitatu. Ndinayamba kulira mwakachetechete. Pamenepo kanyali kachikasu kanathima, sikirini n'kuwala, manambala n'kuoneka: magiga onse sikisite-folo. Pambuyo pake ndinawerenga m'kabuku ka bodi kuti memori ya mtundu umenewu imayamba yayesana ndi makina ikamayatsidwa koyamba, ndipo zimatenga mphindi zingapo. Ife tinkaidula pakati ulendo uliwonse.

Ndinagwira ntchito madzulo onse a Loweruka ndi m'mawa wa Lamlungu. Zidutswa khumi ndi ziwiri pamzere, zithunzi zotsegula pambali, makina osatsokomola ngakhale kamodzi.

Lamlungu cha m'ma folo koloko tinatseka makatani. Amayi anakokera mpando pafupi kwambiri, mphuno kutsala pang'ono kugunda sikirini, dzanja litaphimba diso lakufalo mwa chizolowezi. Anaonera abambo akukonza njinga pakhonde, akunyamula mdzukulu mozondotsa, akugona pa sofa nyuzipepala ili pamimba. Anaseka, n'kunena kuti malaya abuluuwo anawagula ndi iwo. Kumapeto kunali kachidutswa kamene ndinajambula mwangozi: abambo akutembenuka pakhomo, kuyang'ana kamera, n'kukweza nsidze monga ankachitira akafuna kufunsa kuti kwagwanji.

"Imitsa pomwepo," anatero amayi.

Ndinaimitsa. Anayang'ana nthawi yaitali, osaphethira. Kenako anatsinzina, n'kutambasula dzanja kumbali kwanga.

"Ndigwire, undiperekeze kuchipinda."

"Amayi, kudakali kowala. Tsegulani maso, mungapunthwe."

"Ayi, mwanangu. Kwa lero ndaona zokwanira. Sindikufuna kuikapo china pamwamba pake."

Ndinawagwira dzanja, achimwene n'kutsogola kukachotsa mipando panjira.