Timizere ta M'mutu mwa Mwana

Aka kanali kachitatu Mwaiwathu kugonekedwa m'makina aja. Anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo msana unkamuwawa chikwerereni takisi ku Point, mumzinda wa Durban, m'mawa. Ku sikelo anamwino anaona china chake chosawasangalatsa m'mutu mwa mwana, ndiye anamutumiza ku chipatala chachikulu kuti akajambule ubongo wa mwanayo ndi MRI, makina okhala ngati chipaipi chachikulu chomwe munthu amalowamo chogona.

Maulendo awiri oyamba mwana ankangotembenuka, zithunzi n'kutuluka zosaoneka. Ulendo uliwonse Mwaiwathu ankapempha tsiku kwa abwana ake ku Morningside, komwe ankachapa ndi kusita, ndipo abwanawo anali atayamba kuyankha osamuyang'ana.

Makina anayamba kugogoda. Mwana anamenya nthiti, kenako anagudubuka. Mwaiwathu anatsinzina.

"Iwe, takhala phee," ananong'ona. "Amako atopa."

Anaiwala kuti zolankhula m'makinamo zimamveka kunja. Chibwerereni ku Durban, Chichewa ankachisiya m'nyumba. Panja ankalankhula Chizulu chothyokathyoka.

"Mayi, mulankhuleni ndithu," anatero mawu m'zomvera za kukhutu. "Koma pang'onopang'ono, mimba isagwedezeke."

Anali mayi woyendetsa makinawo, yemwe masiku onsewa ankamulankhula Chingerezi. Dzina lake linali Ruramai. Chichewa chake chinali cholemera, cha munthu wokulira ku Zimbabwe. Mwaiwathu anapitiriza kunong'oneza mwana za mvula, za zovala zomwe zinamudikira, chilichonse chomwe chinabwera m'kamwa. Kaya anamva kaya anangotopa, mwanayo anakhala bata mpaka makina anamaliza.

Anadikira maola atatu pa benchi. Kenako dokotala, mayi wamng'ono thupi dzina lake Tahira, anamuitana, Ruramai n'kubwera kudzamasulira. Pa kompyuta panali kamutu, ndipo mkati mwake munali timizere tofiira, tobiriwira ndi tabuluu, topiringizana ngati ulusi.

"Akuti izi ndi njira zomwe uthenga umadutsa muubongo," anatero Ruramai. "Tofiirati ndi mlatho wolumikiza mbali ya kumanja ndi ya kumanzere. Kutsogoloku ulipo. Kumbuyoku ndi woonda kuposa mmene amayembekezera."

"Adzayenda? Adzalankhula?"

Dokotala anayankha nthawi yaitali, akutikita m'maso. Ruramai anafupikitsa.

"Akuti ana ena otere amakula bwinobwino, ena amavutika kuphunzira. Chithunzi sichingatiuze. Njirazi zikukulabe. Adzamujambulanso akabadwa."

"Ndiye maulendo atatu onsewa?"

"Tsopano akudziwa choti aziyang'anira," anatero Ruramai. Atatuluka anawonjezera motsitsa mawu kuti bambo ake anali a ku Ntcheu, koma iye sanafikeko. Wodwala wina ankamudikira, ndiye anabwerera mkati.

Panja dzuwa linali litakula. Mwaiwathu anaimbira mwamuna wake Kenson, yemwe anali pa shifiti ku doko. Kumbuyo kwake kunkamveka mathiraki.

"Akuti bwanji?"

"Akuti mlatho ulipo, koma ndi woonda."

"Mlatho wanji? Mwana ali bwino?"

"Ndidzakufotokozerani kunyumba. Akuti tidikire."

Wina anamuitana Kenson m'Chizulu ndipo foni inaduka.

Mwaiwathu anakhala pa khoma lalifupi pafupi ndi geti, navula nsapato. Mapazi anali atatupa. Matakisi awiri a ku Morningside anadutsa akuimba hutala, iye osaimirira. Anakwera yachitatu kupita kwa abwana ake.