Babu Lofiira ndi Nthutumba

Mlongo wanga Ernest anaphunzira mpaka dazi, koma nzeru zake zonse zinathera pa tayi. Ine Lenifa sukulu ndinangoinunkhiza, ndipo kuno kutsidya kwa nyanja, ku Falls Church, anandiitana mkazi wake atamwalira, kuti ndizimuphikira zakwathu. Ndiye ndimaphika, maso ali pa anthu.

Mwana wake Jabulani amakhala ndi mwamuna mnzake, Mwansa, wa ku Lusaka, dokotala wa mano. Pabanja tonse timadziwa, monga timadziwira kuti Ernest amapaka zakuda ku ndevu. Koma kukamabwera a kumpingo, bwana ali ndi dongosolo lawo. Mwansa amasanduka "rumumeti", wongogawana naye lendi, ntchito yake kulozera alendo poimika galimoto. Pambali pa Jabu amakhazikapo Tiya, mnzake wa kusukulu, kuti amayi a chigwirizano azinong'onezana za ukwati. Tiya amabwerera chakudya basi, wandiuza yekha.

Ernest atapuma pantchito ku banki yake yaikulu ija, anakonza phwando la Lamlungu masana. Jabu anandipeza kukhitchini nandiuza kuti akabwerezanso sewero lija, m'nyumba ya bambo ake sadzapondamonso. Sanakweze mawu. Mwana ameneyu akalankhula motsitsa ndiye kuti watsimikiza.

Loweruka lake ananditenga ku Columbia Heights, ati kuli nkhalamba zokumbukira kalabu yawo yakale, imodzi mwa zoyamba za amuna okondana ndi amuna, akazi ndi akazi. Ine ndinkayembekezera nyumba yaulemu. Tinapeza sitolo yogulitsa madzi a masamba, obiriwira ngati ndowe ya mbuzi yodwala, achinyamata ali pamzere kudzijambula pakhomo, milomo atasongola. Palibe anafunsa kuti pansi pamenepo panali chiyani.

Pansipo, ku besimenti, tinapeza nkhalamba zochepa pa mipando yopinda. Yolankhula anali Mayi Loretta, wakuda ngati ife, mawondo atatha koma lilime likadali lakuthwa. Jabu ankandimasulira.

Ati kalelo, ukadziwika kuti ndiwe wotero, ntchito ya boma inkatha sabata yomweyo, nyumba ya lendi nayo n'kukuchotsa. Ndiye anadzitcha kalabu yoonera mbalame. Mbalame, m'chipinda chopanda windo! Ankakumana Lachinayi, aliyense n'kamphika kake, wina n'kubweretsa malekodi. Pamwamba pa masitepe pankakhala munthu wolondera, ndipo kudenga kunali babu lofiira. Apolisi akatulukira pakona, iye ankayatsa. Pomwepo mwamuna aliyense ankasiya mnzake n'kugwira mkazi amene ali pafupi, mkazi chimodzimodzi, nyimbo osaima. Apolisi ankalowa ndi mimba zawo n'kupeza mabanja abwinobwino akuvina, ena atanyamula buku la mbalame chadodolido.

Ndinaseka mpaka mano anga oikirira anagwedezeka. Mayi Loretta naye anaseka, kenako anati wovina naye wa babu anali Walter, munthu woponda zala, ndipo anavina naye zaka zambirimbiri. Wake weniweni anali mkazi mnzake, Bea. Bea atamwalira, abale anamukhazika Loretta kumbuyo kwa tchalitchi, pamodzi ndi a kuntchito. Pa pulogalamu ya maliro dzina lake panalibe.

Ndinamufunsa kudzera mwa Jabu ngati babu lija likadalipo. Anati analitaya kalekale, ndipo sakulisowa.

Tinabwerera pa sitima. Ndinkaganiza za mlongo wanga. Anthu aja ankayatsa babu poopa ndende ndi njala. Ernest akuopa chiyani? Mayi Felistas a chigwirizano, amene mwana wawo wasiya akazi awiri ku Laurel? Munthu wa madigiri, wokwera ndege ngati minibasi, wadzisandutsa yekha wapolisi, yekha wolondera, yekhanso babu.

Ndinamuuza Jabu kuti tidutse ku masitolo a ku Seven Corners tikagule nkhuku. Nkhuku za kuno zimabwera zopanda mutu, zopanda miyendo, ngati zinachita ngozi. Ndinafunafuna mpaka ndinapeza ija yolimba, yokhala ndi kathumba ka zam'kati. Jabu anafunsa kuti bwanji osagula paketi yonse ya nthutumba, poti ndi yotchipa. Ana obadwira kuno! Nthutumba zikachuluka ndi ndiwo chabe. Ikakhala imodzi, imalankhula.

Lamlungu nyumba inadzaza. A ku Malawi, a ku Zambia, abusa, akulu a mpingo, onse "hawayu, hawayu" ngati anabadwira m'firiji. Tiya anali pamalo pake, atavala chitenje chimene Ernest anamugulira. Mwansa anali panja ndi magalimoto. Atalowa anamupatsa mpando wa kumapeto, pafupi ndi khomo la kuchimbudzi. Jabu ankangoyang'ana mbale yake, kiyi wa galimoto ali kale pathebulo.

Ernest analankhula za ntchito yake mpaka mpunga unazizira. Anathokoza Mulungu, anathokoza banki, anathokoza "mwana wanga Jabulani ndi Tiya wathu". Amayi anaombera m'manja.

Ine ndinatuluka kukhitchini ndi kambale kovundikira. Aliyense wokulira kwathu amadziwa zimene zimakhala m'kambale kotero, ndiponso kuti kamapita kwa mwini nyumba, kapena kwa mlendo amene nkhuku yafera iye, makamaka mkamwini. Ernest anali atayamba kale kusuntha tambula kuti apeze poika. Abusa nawo anakonza pakhosi, mwina n'kukhala mwayi wawo.

Ndinawadutsa onse awiri. Ndi mawondo angawa, ndinagwada pafupi ndi khomo la kuchimbudzi lija n'kuvundukula.

"Akamwini, landirani. Nkhukuyi yafera inu."

Mwansa anayang'ana nthutumba, anayang'ana Jabu.

"Alongo," anatero Ernest, akumwetulira ndi mano okha, "mwasokoneza mbale. Ukalamba uwu."

"Achimwene, ine sindidziwa kuwerenga, koma nkhuku sindinaisokonezepo. Kapena mukufuna ndifotokoze pa Chingerezi?"

Mayi Felistas anagwira pachifuwa. Mkulu wina wa mpingo anayamba kufunafuna chinachake m'foni. Tiya, mwana wabwino, ananyamuka ndi mbale yake nati, "Mwansa, bwera ukhale apa, mpandowu unkandipweteka msana kalekale."

Mwansa anawomba m'manja mwaulemu, nati, "Zikomo maningi, anti." Anaidya pang'onopang'ono, onse akuona. Inali yolimba, ndinaiphika mothamanga, koma iye ndi wa mano.

Awiri atatu anatsanzika msanga, ati kuli trafiki, tsiku la Mulungu masana. Otsalawo anadya mpaka kupempha zotengera kunyumba, Mayi Felistas patsogolo. Abusa anangowonjezera nyemba.

Ernest sanandilankhule sabata yonse. Kenako anayamba kutchula mitengo ya ndege zopita ku Lilongwe, mokweza, ndili pafupi. Ndinamuuza kuti agule, koma ayambe waphunzira kuphika therere. Nkhani ya ndege inathera pomwepo.

Jabu amabwerabe Lamlungu, ndi Mwansa. Ernest amamutchula "uyu", ndipo amakhala naye pathebulo ngati munthu wodikira jakisoni. Mwezi wathawu dzino linamuvuta Ernest, tsaya linatupa ngati wabisamo mango. Anazungulira nalo nyumba yonse, akubuula, kufikira anandipeza kukhitchini n'kundifunsa motsitsa ngati ndili ndi nambala ya "uyu".

Ndinamuuza kuti m'foni mwanga mulibe munthu wa dzina limenelo.