Kiyi wa Chipinda cha Moto

"Koleji, tazimitsa moto. Zimenezi ndi mchere basi," anatero a Zalazinayi.

Koleji anapotoza kampopi ka gasi, malawi aja m'kalilole anazilala. Onse awiri anali kuseri kwa khoma lakonkire, monga mwa lamulo la pamalopo. Chipinda choyeseramo mankhwala sankachiyang'ana maso ndi maso. Ankachionera m'kalilole wopachikidwa pakona, ndipo m'menemo munkaoneka kachubu kachitsulo kotalika ngati chala, kakulendewera pakati pa mbaula zinayi.

M'kachubumo anali atatsenderamo mankhwala aufa ochokera m'migolo yomwe inali pa lole kunja. Ntchito yake inali yosavuta kuimvetsa. Kachubuko ankakatseka n'kusiya kabowo kakang'ono pamwamba, kenako n'kukawotcha. Kakangotulutsa utsi n'kukhala kamphumphu, katunduyo ankatha kuyenda ngati katundu wamba. Kakasweka zidutswazidutswa, migolo yonse inkaikidwa chizindikiro cha zophulika.

Machubu awiri oyamba anali atalira muluzu mpaka kutheratu. Kachitatu aka, ka bowo laling'ono kuposa enawo, kanalira pang'ono chabe kenako kanangoti zii.

"Bweretsa kiyi ndikakachotse," anatero a Zalazinayi, akutola mbaniro.

Kiyiyo anali pachifuwa pa Koleji, pa chingwe chofiira. Pamalopo woyatsa moto ndiye ankavala kiyi, ndipo chitseko sichinkatsegulidwa kufikira iye mwini atavomera kuti chitsulo chazizira. Ngakhale amayi oyang'anira labotale sankamulanda munthu kiyi. Koma lero n'koyamba Koleji kuvala chingwecho, ndipo amayiwo anali kunja, akukangana ndi dalaivala wa lole.

"Tidikire pang'ono, bambo."

"Tidikire chiyani? Kuti kaikire mazira?"

"Kasiya kulira msanga."

"Kasiya chifukwa zatha! Iwe ukamaliza kulira sukhala chete?"

Koleji anayang'ana pansi. Funsolo linamulasa pomwe a Zalazinayi sanalinge. Chaka chathachi bambo ake anapsera mu lole pamsewu waukulu, atanyamula migolo yomwe aliyense ankati ndi yosaopsa. Kumaliro anthu ankangoti tsoka silinunkha. Iye anabwerera kukoleji, n'kupeza kuti akatsegula buku akungoona chiwongolero chosungunuka chija, ndipo anasiya. A Zalazinayi, mnzawo wa bambo ake kuyambira paunyamata, ndi amene anakamuzula m'nyumba n'kumupezera ntchito ino. Dzina loti Koleji analiyambitsanso ndi iwo, ati kuti koleji ija isatayike yonse.

Ndiye munthu wotere ungamukanize bwanji kiyi?

"Mwana wa mnzanga," anatero mkuluyo, atatsitsa mawu, "chala ichi sindinachitayire ku bawo. Machubu amenewa ndinayamba kuwawotcha iwe usanamere mano. Ndikungofuna kukalavulira malovu, ndimve ngati kakutentha. Tikatero timumasule munthu uja, ali ndi ulendo."

Kunja hutala ya lole inalira kawiri. Mawu a dalaivala analowera pazenera: "Amayi, ine ndanyamulapo zimenezi kangati? Mukufuna ndigone pano ngati mlonda?"

Thukuta linayenderera m'khosi mwa Koleji mpaka kunyowetsa chingwe chija. A Zalazinayi ankadziwa monga Koleji kuti kachubu kakakhala chete, mwina mankhwala atha, mwina kabowo katsekeka ndipo m'kati zikufufuma. Mkuluyo anali ataziona kambirimbiri, ndipo nthawi zambiri zinkakhala kuti zathadi. Koleji anali ndi mantha okha, mantha omwewo amene ankamudumphitsa mwana akaphulitsa pepala la pulasitiki mumsewu.

"Ukunjenjemeratu," anaseka a Zalazinayi. "Ukanakhala nkhuku bwenzi tikuti yagwidwa chitopa. Bweretsa kuno."

Anatambasula dzanja lija la zala zinayi. Koleji anagwira chingwe, n'kuchikweza mpaka pachibwano. Kenako anaona dzanjalo bwinobwino, chipsera chosalala pomwe panali chala chamkombaphala, ndipo anakumbukira kuti ndi dzanja lomweli limene linamugwira phewa kumanda pamene abale onse anali atabalalika. Anabweza kiyi m'malaya, n'kumanga batani lapakhosi.

"Ayi, bambo."

"Wati chiyani?"

"Munditukwane, mukandinenere kwa amayi, mundichotse ntchito. Koma simulowa. Ndinaika kale bambo mmodzi."

A Zalazinayi anaponya mbaniro patebulo mwamphamvu, nakakhala pa benchi chomufulatira. "Bambo ako sanali wamantha chonchi," anang'ung'udza.

"N'chifukwa chake kulibe."

Mawuwo atatuluka, Koleji analakalaka akanawameza. Iye anayang'ana m'kalilole. Kachubu kanali phee, kakuda bii, kosalakwa ngati msomali wakale. Anayamba kudziona uchitsiru wake. Anaganiza za mmene adzamusekere pa nkhomaliro, ndi mmene mkuluyo adzasiyire kumudikira pageti poweruka.

Chitseko chakunja chinatseguka. Analowa amayi a labotale, dalaivala ali pambuyo pawo, bambo wa imvi m'ndevu, thaulo lili paphewa.

"Kodi kuno zatha? Bambowa andidya wamoyo," anatero amayiwo.

"Funsani mwini kiyi," anayankha a Zalazinayi osatembenuka. "Akuti tidikire Yesu abwere."

Dalaivala anaseka. "Mphwanga, ine ana anga akundi—"

Phuu!

Sikunali kuphulika kwakukulu. Kunamveka ngati munthu wamenyetsa chitseko chachitsulo, kenako tizitsulo tinalira ngwee, ngwee pakonkire. Kalilole anagwedera, ndipo atakhazikika munali utsi wachikasu wokhawokha, kachubu kaja kulibe.

A Zalazinayi anayang'ana dzanja lawo, analitembenuza uku ndi uku ngati la munthu wina.

Utsi utatha, zonse zitazizira, Koleji anavula chingwe n'kutsegula yekha. Anatola zidutswa n'kuziyala pathireyi. China anachita kuchizula pa thabwa la chitseko, pa msinkhu wa nkhope ya munthu.

"Migolo ija siyenda lero," anatero amayi a labotale mofatsa. "Ipita m'gulu lina, ndi galimoto ina."

Koleji ankayembekezera kuti mtima wake ukhala pansi, koma munangodzaza kuwawa. Kachubu kamodzi, moto wa gasi, ndi munthu woti adikire. Zimene zinasowa pa migolo ya bambo ake zinali zomwezi basi.

Dalaivala anatola chidutswa chimodzi pathireyi, chopindika ngati khoko la nthochi. Anachiyang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Ndiye ine ndimagona pansi pa lole imene ija masana kukatentha," anatero, osauza munthu aliyense.

Anachiika m'thumba la malaya, natuluka. Posakhalitsa Koleji anamva injini ikulira pang'onopang'ono, lole ikubwerera m'mbuyo kuchoka padzuwa, kulowa pansi pa shedi.

A Zalazinayi anadzuka, natola chingwe chofiira pomwe Koleji anachisiya. Anachipukuta pa ovolosi yawo, n'kumuveka m'khosi ndi manja awiri.

"Mawa uyatsanso ndiwe," anatero. "Koma za bambo ako zija, usadzayankhulenso choncho."