Mneneri Atavula Magalasi

Asisi anandipeza ndaima pawindo, jekete ili m'manja, simbi ikutentha yokha patebulo.

"Iwe, ufuna kutiwotchera nyumba? Tabweretsa kuno." Anandilanda jeketeyo n'kuyamba kusita okha. "Alamu athu a mumdima aja sanaimbebe?"

"Sakuyankha foni."

"Ndiye kuipa kwa amuna obisa kumeneko. Wanga uja anali chidakwa, koma ndinkadziwa pokamupeza." Anaseka, koma ataona nkhope yanga anasiya. "Kodi ndi lero ukukalengeza zoipa zija?"

Ndinangogwedeza mutu.

Ndisanakhale mkulu wa kampani ya mabasi a mumzinda, ndinali mneneri wa a nduna. Ndinkawalembera zoyankhula, kuwasankhira tayi, ndi kuzimitsa moto umene iwo ankayatsa ndi lilime lawo. Madalaivala mpaka pano amanditchula Mayi Pakamwa ndikangotembenuka, ati ndinabwera ndi pakamwa pokha, fungo la dizilo sindilidziwa. Mpando wanga wakale anakhalapo mwamuna wina wamtali, wofatsa, amene ndinamuphunzitsa ntchito ndekha. Zonse ndinamuphunzitsa, kupatula kundikonda. Zimenezo anaphunzira yekha. Tinabisa, chifukwa a nduna sakanalola kuti wosunga zinsinsi zawo akhale ndi khutu lina lonong'onezako. Odziwa anali asisi okha.

Masiku angapo m'mbuyomo a nduna anandiimbira foni.

"Mwana wanga, basi ya kuseri kwa phiri ija ikungomwa mafuta. Uitseke. Ukalengeze wekha tsiku lolandira mabasi atsopano."

"Bwana, anthu a kumeneko alibe china chokwera. Komanso chisankho chayandikira."

"Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ine ndidzakhala pambali pako, ukuopa chiyani?"

Anadula foni. Ndinkawadziwa bwino: kukana kunali kutula pansi ntchito.

Kudepoti ndinapeza shedi yokonzeramo mabasi ataisesa n'kuyalamo mipando yapulasitiki. Fungo la girisi linakana kuseseka. Mabasi atsopano anaima panja atamangidwa maliboni, akunyezimira ngati sadzaona matope. Amakaniko anavala maovolosi ochapa, atatsamira khoma, manja kumbuyo. Mizere yakutsogolo inali itadzaza amayi amene sindinawaitane, ena ndi ana kumsana, onse ali duu.

"Awa abwera ndi ndani?" ndinafunsa mlembi wanga.

"A ku unduna, bwana. Awatsitsa palole m'mawa. Akuti ndi a kuseri kwa phiri."

Ndinadziuza kuti mwina a nduna akufuna kuwapepesa pamaso. Ndinaonanso wojambula wa ku unduna ataimika kamera yake chammbali, italoza mpando wa a nduna m'malo moloza poyankhulira. Ndisanaganize bwino, hutala inalira pageti, anthu onse n'kuimirira.

A nduna anatsika akumwetulira, manja ali tambasu. Anandikumbatira pamaso pa atolankhani. Kumbuyo kwawo kunatsika mneneri, atanyamula chikwama chawo. Kunsi kwa maso ake kunali kwakuda.

"Mwadzuka bwanji, abwana?" anandipatsa moni ngati mlendo.

"Ndadzuka bwino, kaya inu?"

Ndinafuna kuti dzanja lake lichedweko pang'ono m'dzanja langa, monga limachitira tikakumana pagulu. Linangokhudza n'kuthawa.

"Iwe, tiye," a nduna anamuitana osatembenuka. "Foni yako ikhalebe m'galimoto. Ukaime pamalo pako, ndizikuona."

Malo akewo anali anga kale: kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, pamene woyankhula amakuona koma anthu sakuona. Ndili mneneri ndinapanga zizindikiro zothandiza a nduna akakhala pansanja. Kukanda khutu kunkatanthauza kuti fulumirani, anthu atopa. Kupinda manja pachifuwa, bwerezani, akonda zimenezo. Kuvula magalasi n'kuyamba kuwapukuta kunali chizindikiro chachikulu: imani pomwepo, mawu otsatirawo ndi mbuna. Pochoka ndinamusiyira zonsezi mneneri watsopanoyo, ndipo magalasi anali nawo kale.

Mwambo unayamba. Ndinaima poyankhulira, a nduna atakhala kudzanja langa lamanja. Ndinathokoza onse oyenera kuthokoza. Ndinanena za mabasi atsopano, za zitseko zake zotakata, za mipando ya okalamba. Anthu anawomba m'manja. Amayi a kutsogolo aja sanawombe. Mmodzi, wa mpango wobiriwira, ankangondiyang'ana ali dwii, ngati wauzidwa kale kuti mfiti yake ndi ino.

Ndinatsegula tsamba lomaliza.

"Pomaliza," ndinatero, "pali nkhani ya basi ya kuseri kwa phiri."

Ndinakweza maso, ndipo kumbuyo kuja, pafupi ndi chitseko, mneneri anavula magalasi. Anatulutsa kansalu m'thumba n'kuyamba kuwapukuta pang'onopang'ono.

Mwina ndi fumbi chabe, shedi ino ndi ya fumbi. Mwina akuuza a nduna. Koma a nduna sankayankhula, woyankhula ndinali ine. Iye ankapukutabe, maso ake opanda magalasi ali pa ine, maso amene ndinkawaona otero tikakhala awiri basi.

Ndinanamizira kumwa madzi kuti ndiyang'ane kumbali. A nduna anali atasendera kutsogolo kwa mpando, dzanja limodzi litagwira chotsamira. Batani la jekete anali atamanga kale. Zaka zonse zija ndinkawaona: batani limenelo amamanga akatsala pang'ono kuimirira. M'dzanja linalo munali pepala lopinda.

Pamenepo zonse zinalumikizana, lole ija, kamera ija, foni yosiyidwa m'galimoto. Ndikangomaliza chiganizo, amayi abuma, a nduna adzuke, andilande maikolofoni. Anene kuti iwo sanadziwe, kuti sangalole anthu awo kuyenda wapansi, kuti mkulu wouma mtima uyu achoke lero lomwe. Madzulo dziko lonse liwaone akupulumutsa basi m'manja mwanga.

Nanga ngati ndikulakwa? Ngati ndi fumbi? Ndiye kuti ndanyozera lamulo lawo pamaso pawo, ntchito yapitabe. Mwana wina analira, mayi ake n'kumugwedeza. Mtolankhani wamkazi wa kutsogolo anasendeza foni yake pafupi.

Ndinatseka pepala langa.

"Nkhani imeneyi," ndinatero, "yandikulira. Ine ndimangoyendetsa mabasi, mwini mabasi ndi boma. Mwamwayi, bambo athu ali pompano. Amayi awa alawirira kudzamva kuchokera kwa inu, bwana. Tiuzeni, basi imeneyi tiitani?"

Ndinachotsa maikolofoni pachoimikira, n'kuwapatsira ndi manja awiri, nditapinda maondo.

Kumwetulira kwawo kunauma pankhope. Anandiyang'ana, kenako anayang'ana kumbuyo kwa shedi, ndipo anachedwako. Ndinatsatira maso awo. Mneneri anali asanabwezebe magalasi, kansalu kali m'manja.

Tonse awiri tinaiwala chinthu chimodzi: zizindikirozo ndinapangira a nduna. Ankaziwerenga kuposa wina aliyense.

Anaimirira, pepala lija n'kulilowetsa m'thumba. Analibenso wochita. Kuitseka okha sakanatha, amayi ali pamphuno.

"Amayi anga," anatero, "basi yanu siichoka. Ine ndikadali moyo, siichoka!"

Amayi anaimirira ndi chisangalalo, amakaniko akuliza malikhweru. Koma mtolankhani uja anakweza dzanja.

"Bwana nduna, amayiwa atiuza kuti amva kuti ikutsekedwa lero. Ndiye ankafuna kuitseka ndani?"

A nduna anatembenukira kwa ine. Ndinaima chilili, manja pamodzi, ngati mwana wabwino. Sindinanene kanthu pansanjapo kamene akanandipachika nako, ndipo ankadziwa.

"Mphekesera, mwana wanga," anayankha. "Mumakonda mphekesera inu. Tiyeni tikadule maliboni."

Anadula, anajambulitsa atakhala pachiwongolero, anagwira ana m'masaya. Ine ndinkayenda pambali pawo. Titafika pagalimoto lawo, atolankhani atatsalira, anaima. Mneneri anawatsegulira chitseko.

"Magalasi ako ayera?" anamufunsa motsitsa.

"Munali fumbi, bwana."

"Eya, fumbi." Anaseka ndi mphuno. "Ndimati ndalemba mneneri, osadziwa kuti ndalemba mkamwini. Kuyambira liti?"

A nduna sanadikire yankho. Anandiyang'ana ine.

"Iwe ndinakulera ndekha. Lero wandiphikira pamoto wanga womwe. Khala nawo mabasi akowo, sindingakukhudze pano, wadzitchinga bwino. Koma chisankho chimatha." Analanda chikwama chawo m'manja mwa mneneri. Anatola foni yake pampando n'kumuponyera. "Iwe, makiyi a ofesi ukasiye pageti. Usadzaonekenso."

Chitseko chinati phwa. Galimoto linatuluka, alonda akuchita sawatcha.

Mneneri anatsala ataima pakati pa bwalo, munthu wamtali wa suti, manja opanda kanthu koma foni. Madalaivala anali atakhala pamatayala akale chapatali, akutiyang'ana. Mlembi wanga anali pakhomo la ofesi, akundikodola kuti atolankhani akundidikira. Ndikanatha kulowa, n'kudzamuimbira madzulo monga mwa masiku onse.

Ndinapita kwa iye.

"Unadziwa liti?" ndinafunsa.

"Dzulo. Anandilembetsa ine mawu okuchotsera ntchito, ataima kumbuyo kwanga. Kenako anati ndigone kunyumba kwawo konko, foni n'kuisunga." Anayesa kumwetulira. "Anali mawu abwino, ukudziwa. Ukanalira."

"Wopusa iwe. Sunaganize kuti akuona?"

"Ndinaganiza nditavula kale." Anayang'ana kumatayala kuja. "Abwana, anthu anu akutiona."

"Usandinene abwana."

"Ndiye ndiziti chiyani pagulu? Sindinaphunzire."

Ndinamugwira dzanja. Kumatayala kunamveka likhweru lalitali, kenako dalaivala wina wachikulire anakuwa:

"Mayi Pakamwa! Kodi amenewo ndi alamu athu? Bwanji osanena, tikanawasungira mpando wakutsogolo!"

Bwalo lonse linafa ndi phwete. Aka kanali koyamba kunditchula dzinalo ndikumva, ndipo sindinakwiye.

"Tsopano ndilowera kuti?" mneneri anandifunsa chapansipansi. "Nyumba ndimakhala ija ndi ya unduna. Mawa akhala atasintha loko."

"Katenge zovala zako asanasinthe. Ukafikire kwathu."

"Kwa asisi ako? Andidya wamoyo."

"Akufunsa mafunso mpaka utuluke thukuta, koma chipinda chakumbuyo akupatsa." Ndinakodola dalaivala wachikulire uja. "Bambo, mungawaperekeze awa? Ali ndi katundu wonyamula."

"Pa basi yatsopano kapena yakale, bwana?"

"Yakale. Atsopanowo a nduna akuwawerengabe."

Mneneri anakwera, nakhala pawindo. Basi inatsokomola utsi n'kutuluka pageti. Ndinakonza jekete, ndinapukuta m'maso, n'kulowa muofesi kumene mtolankhani uja ankandidikira, funso lake lija lidakali pakamwa.