Woluka Tsitsi Amene Anasala Miseche

Pamsewu umenewo palibe amene sankadziwa saluni ya amayi oluka tsitsi, yoyandikana ndi okonza mafoni. Kachipinda kamodzi, galasi long'aluka pakona, mipando iwiri ndi benchi. Kale ukafuna kudziwa amene wathawa banja, unkangopita kukalukitsa. Koma chaka chimenecho amayiwo anaimirira m'tchalitchi anthu onse akuona, n'kulonjeza Mulungu kuti miseche asiya, kuinena ngakhale kuimva. Ndiye munthu akangoti "mwamva?", iwo ankayamba nyimbo ya kwaya mokweza, zala zikuluka, mpaka mwini nkhani agwe ulesi. Abale inu, saluni inazizira ngati pamaliro.

M'masiku omwewo kunatulukira Madamu wina wa zikwama zonyezimira, amene ankati amapezera atsikana ntchito m'mahotela akunja. Anasirira mwana wachisamba wa amayi oluka aja, mtsikana amene chimalizireni sukulu ankangosesa tsitsi la anthu. Amayi anagwada n'kunena kuti, "Ambuye, ngati si chifuniro chanu, ndichenjezeni." Ankadikira loto. Loto silinabwere. Ndiye anati kukhala chete kwa Mulungu ndiko kuvomera.

Chonsecho mkazi wa telala, amene anthu ankamutcha Wailesi chifukwa cha pakamwa pake, anali atayesa kuwachenjeza. Akangoti "asisi, za Madamu uja mwamva?", nyimbo inkabuka, iye n'kuchoka akutsonya.

Tsiku la ulendo mtsikana ananyamuka m'mawa ndi Madamu kupita kudepoti. Amayi analira mpaka mawu kusasa. Atangotsegula saluni, Wailesi analowa, tsitsi theka lomasula theka loluka, n'kudziponya pampando.

"Asisi, Madamu uja..."

Amayi anatsegula pakamwa kuti aimbe. Kunangotuluka kamphepo ngati tayala lobooka.

"Eya, lero kwaya yathawa," anatero Wailesi. "Mundimva basi. Mwana wa mlamu wanga anapita naye mayi ameneyo. Hotela yake iti? Asanakwere n'komwe basi anamulanda foni ndi pasipoti, ati ndikusungire. Kumeneko anamutsekera m'nyumba ya anthu ngati mbuzi. Wabwerako mafupa okhaokha, mpaka lero akamva chitseko amabisala kuseri kwa bedi. Ine kubwera kudzakuuzani, inu kumandiimbira ngati ndafa! Mwana wanu ali kuti?"

Chipeso chinagwa pansi. Amayi ankafuna Mulungu alankhule m'tulo, mwaulemu, osati kudzera pakamwa pa mkazi wa telala. Koma pempho lawo linali loti achenjezedwe, ndipo chenjezo linkabwera ndi miyendo yake n'kukhala pampando wawo womwe.

Anatuluka osatseka n'komwe. Anathamanga, mayi wamkulu wathunthu, nsapato imodzi n'kutsala m'ngalande. Anaimba foni ya mwana: yozima. Anaimbanso: yozima. "Ambuye, ndinali wogontha dala," ankanong'ona, mpweya ukuwathera. "Ndilangeni ine. Basiyo isadzaze, isadzaze, chonde isadzaze."

Kudepoti kunali phokoso la injini ndi oitanira. Kondakitala wina anawagwira mkono. "Amayi, mpando umodzi watsala! Koma nsapato inayo mwasiyira apongozi?"

Anamukankha n'kuyamba kusuzumira m'mawindo, basi ndi basi. Ya kumapeto ndiyo imene ankaifuna. Mwana wawo anakhala kumbuyo ndi atsikana ena, onse atavala za Lamlungu, Madamu ali pambali akudzikupiza mphepo ndi kapepala. Dalaivala anali atayatsa kale injini.

Amayi anakwera. Mawu analibe, ndiye anangofika n'kugwira dzanja la mwana.

"Amayi, mukutani?" mtsikana ananong'ona, manyazi atamugwira. "Anthu akukuonani. Onani phazi lanu."

"Foni yako ili kuti?" Mawuwo anatuluka ngati a nkhuku yachimfine.

"Madamu akundisungira."

"Pasipoti?"

"Nayonso."

Madamu anamwetulira, mano onse pamtunda. "Mayi, musachite mantha. Ana amataya zinthu panjira. Inu si munthu wopemphera? Musatsekereze madalitso a mwana."

"Ndipatseni ndione," anatero amayi, atatambasula dzanja. "Ndingoona, ndikubwezerani."

"Zili pansi pa chikwama. Tsikani, mukuchedwetsa anthu."

Okwera anayamba kudandaula. Bambo wina anakuwa kuti za m'banja azikambirana kunyumba. Dalaivala analiza hutala. Amayi sanasunthe. Anagwada pomwepo pakati pa mipando, pafumbi ndi makoko a nthochi, n'kukumbatira miyendo ya mwana wawo.

"Mwanawe, ndinakuloleza ndine, ndipo ndinalakwa. Ukapita, basiyi indikoke nawo."

Mtsikana anawayang'ana, kenako anatembenukira kwa Madamu. "Madamu, ndibwerekeni foni yanga pang'ono."

"Ukaipeza tikafika."

"Ndi yanga."

Kumwetulira kuja kunazima. "Khala pansi iwe. Ukudziwa atsikana angati akulirira malo akowa?"

Pamenepo mtsikana anaimirira. Anadzutsa amayi ake, n'kutsika nawo. Amayi anatembenukira kuwindo, kukodola atsikana enawo ndi manja onse, kukamwa kukuti tsikani, tsikani, koma mawu osamveka. Mmodzi anaseka. Wina anayang'ana kumbali. Chitseko chinatsekedwa, basi n'kutuluka pageti ndi chikwama cha mtsikana, foni ndi pasipoti yomwe.

"Ndatsala ndi diresi lokhali," anatero mtsikana, misozi ili chuchuchu. "Mawa ndiziti chiyani anzanga akandiona?"

Amayi anamugwira pamkono mwamphamvu, zikhadabo kulowa, n'kumukokera kwa wapolisi amene anaima pageti.

"Iwe uli ndi mawu," ananong'ona. "Muuze za anzako aja. Fulumira, isanafike patali."