Nyimbo ya Wotayira Mpira Kukhwawa

Chaka chimenecho, m'masiku a chitaganya, lole yopita ku Halale idatenga anyamata awiri a timu ya mpira ya kwa Kasakula. Idatenga Alexio, uja ankati akaugwira mpira adani n'kumagwa okha ngati amwa kachasu, idatenganso Mose wa phazi lamanzere. Otsala adali anthu abwino ndithu, olimba pakhasu, koma mpira wokha, ayi ndithu, tisanamizane.

Ochemerera zimenezo sadafune kumva. A Dominiko, telala wa pakhonde la sitolo, ankapalasa makina awo uku akulengeza kwa aliyense wodutsa: "A Malomo tidawakwapula chaka chatha, Loweruka lino tiwakwapulanso. Zoti Alexio kulibe ife sizikutikhudza." Anthu a mpira ndi otero, pakamwa sipatopa chifukwa othamanga ndi ena.

Elube, amene ankatsogolera nyimbo za amayi pabwalo, mtima udali m'mwamba. Mwamuna wake Enoki, wotchinga kumbuyo, ndiye adamusankha ukaputeni, poti panalibenso wina. Ndipo Enokiyo adali atamuuza poyera akusenda mtedza pakhonde.

"Nambewe, akatinyazitsa a Malomo timu yatha. Ikatha, nanenso ndikwera lole. Nditsaliranji anzanga onse atapita?"

Elube adachita mantha kwambiri. Bambo ake omubala adakwera lole yomweyo iye ali kumsana, n'kutchona mpaka lero. Sadafune kuti mwana wake Rakele akulenso akungomva bambo m'nkhani za anthu.

Tsono bwalo la kwa Kasakula lidali pamtsetse, monga malo ambiri m'mapiri a Ntchisi. Mpira ukatuluka chakum'mawa unkagubuduzika mpaka kukhwawa, ndipo poti mpira udali umodzi wokha, masewero ankaima. Lamulo lake lidali lakale: wautaya, kautole wekha. Mwambo wina udali wa amayi, woti munthu ankapekeredwa nyimbo pokhapokha wagoletsa. Alexio adali nazo zambirimbiri. Enoki, chiyambire kusewera, adalibe ndi imodzi yomwe.

Loweruka a Malomo adabwera pa njinga, atavala malaya ofanana, akuseka asadayambe n'komwe. Mpira utangoyamba adawapanikiza eni bwalo ngati mbuzi m'khola. A kwa Kasakula adathamanga mpaka malilime panja. Amayi adayesa nyimbo ya Alexio, koma kuimbira munthu amene ali ku Halale kumamveka ngati maliro, ndiye idazima yokha.

Apo mnyamata wa Malomo adadutsa anthu atatu, n'kutsala ndi Enoki. Enoki sadachite zambiri. Adangoumenya mpira uja, phu, mpaka kukhwawa. Kenaka adatsetsereka kukautola, akuyenda ngati mkamwini wopita kumunda wa apongozi. Mmene ankabwera, anzake adali atapuma, ena atamwa ndi madzi omwe.

Adachitanso kachiwiri, kachitatu, osaleka. A Malomo adayamba kulusa, koma woimbira, mphunzitsi wa kumishoni, adati lamulo ndi la eni bwalo. A Dominiko nawo adavula chipewa n'kuchimenyetsa pansi.

"Mpira wanji umenewu? Alexio sankachita zamanyazi zotere. Mkamwini ameneyu atichotsa ulemu."

Ena adayamba kuvomereza, ndipo Elube adaona mwamuna wake akukwera chitunda, mpira m'khwapa, mutu uli pansi. Enoki adawamva mawu aja. Elube adadziwa kuti akafika pamwamba anthu akumunyoza, basi lole yapeza munthu.

Adamanga chitenje m'chiuno, nalowa pang'ono m'bwalo, n'kuyambitsa nyimbo imene sadaiganizepo ndi kale lonse:

"Enoki tayira kukhwawa,
a Malomo adikire,
kwawo n'kutali, dzuwa lapita."

Mayi wina adamukoka mkono. "Elube, wagoletsa kodi?"

"Nanga iwowo agoletsa?" adayankha Elube, osasiya kuomba m'manja.

Lidia, mng'ono wake, adapolokezana naye, kenaka amayi onse adalowa, fumbi koboo. Enoki adaima pakati pa chitunda, kuyang'ana uku ndi uku ngati akufuna Enoki wina. Atazindikira kuti ndi iye yemwe, adamwetulira mano onse panja, ndipo mpira wotsatira adautaya kutali kuposa yonse.

Masewero adatha popanda wogoletsa. A Malomo adakankha njinga zawo akung'ung'udza, ndipo a Dominiko, inde omwe aja, adamveka akuuza anthu kuti nzeru yotayira kukhwawa adamupatsa Enoki ndi iwo.

Pobwerera kunyumba Enoki adanyamula Rakele paphewa, Elube ali pambuyo. Elube ankafunitsitsa kufunsa za lole.

"Nambewe," adatero Enoki osacheuka, "kukhwawa kuja ndapitako kambirimbiri lero. Dothi lake ndi lakuda bwino, madzinso saphwa. Tikaika nazale ya fodya pamenepo, mbande zidzakhala zokoma chaka chino."

"Ndiye tiyambe liti, bambo a Rakele?"

"Lolemba. Loweruka ndiye ayi, tili ndi a Mponela."

Elube adapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, nafulumira kuti ayende pambali pake.