Wantchito wa Kwathu

Mabel atapita ku Blantyre kukaphunzira unamwino m'chaka cha 2011, Fesibuku inali itangofika kumene pakati pa atsikana a pasukulupo. Ankapita m'magulu kokhala makompyuta obwereka, n'kumaikapo zithunzi atavala zidendene zazitali. Mabel anali mwana wa ku Bangula, ndipo anzake ankamuseka akamva kalankhulidwe kake. Choncho pofunsidwa kwawo pa tsamba lake la Fesibuku, analemba kuti Blantyre.

Tsiku lina mayi ake, amene ankagulitsa milamba yowamba pamsika, anakwera basi kudzamuona atasenza dengu la nsomba. Mnzake wina anawajambula ali pageti n'kuika chithunzicho pa Fesibuku. Pansi pake wina anafunsa kuti, "Mabel, a denguwa ndani?" Iye anayankha osaganiza kawiri: "Ndi wantchito wa kwathu, anabwera kudzasiya katundu."

Zaka khumi ndi zitatu zinadutsa. Anzake aja anasamukira pa Watsapu, ena pa Tikitoki. Mabel anabwerera kuchigwa, nayamba ntchito pachipatala china cha kwa Makhuwira, ndipo za chithunzicho anaziiwaliratu.

Kenaka mchimwene wake Paison anatumizira mayi awo foni yaikulu kuchokera ku Joni. Amayiwo anaiphunzira msanga. Ankalandira maoda a nsomba pa Watsapu, ndipo anatsegulitsa Fesibuku kuti aziona zidzukulu.

Loweruka lina masana Mabel anawapeza pamsika, dzuwa likuswa mtengo, akuingitsa ntchentche ndi katoni. Atapatsana moni, amayiwo anatulutsa foni m'chitenje.

"Tandiwerengera apa, mwanawe. Maso akundivuta."

Mabel anaona geti lija, dengu lija, ndi iye mwini ataima patali pang'ono ndi mayi ake.

"Angoti chithunzi chokongola, amayi."

"Tsika m'munsimo. Pamene pali dzina lakopo."

Mabel anatsika m'munsimo, nawapeza mawu ake aja. Mayi wina wogulitsa usipa pambali pawo anatembenukira kumbali ngati sakumva.

"Ndinawerenga kale Lachiwiri," anatero amayi ake motsitsa mawu. "Sukulu ndinalekeza sitandade folo, koma Chichewa ndimachitha. Ndimafuna ndimve ngati pakamwa pako pangatchule."

"Ndinali mwana, amayi. Ankandiseka."

"Unali ndi zaka makumi awiri. Ine pa msinkhu umenewo ndinali nditakubereka kale." Anasanja milamba iwiri imene inali yosanjidwa kale bwinobwino. "Tsiku la chithunzicho ndinadzuka tambala woyamba. Pa Thabwa basi inafa, tinakwera phiri lonse pa lole ya makala. Nsombazo anzakowo anadya?"

"Anadya."

"Chabwino."

Mabel akanakonda akanamutukwana, ngakhale kumumenya mbama pamaso pa msika wonse. Anatenga foni yake, nayesa mawu achinsinsi katatu asanalowe pa tsamba lakalelo.

"Ndifufuta zonse pompano."

"Chithunzicho usachikhudze," anamugwira dzanja. "Zithunzi zanga zonse zinapita ndi madzi chaka chija Shire anasefukira. Ndi chokhacho chimene ndikuonekamo ndili ndi mano onse."

Mabel anafufuta mawu ake aja, n'kulemba atsopano: "Ndinanama. Awa ndi mayi anga ondibereka, kwathu ndi ku Bangula." Anadikira. Palibe anayankha. Amene anawanamizawo anali atachoka kalekale pamenepo, ndipo wina mwa iwo anali atamwalira.

Anawaonetsa amayi ake. Iwo anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikugwedera, n'kubweza foniyo. Nthawi yomweyo panafika bambo wina pa njinga akufuna milamba ya ndiwo.

"Ndipite ndikamwe madzi," anatero amayiwo akudzuka. "Agulitse bambowa. Yaikuluyi usawachotsere mtengo."

Mabel anakhala pa kampando kawo, nayamba kukulunga nsomba m'nyuzipepala. Bamboyo anamuyang'anitsitsa, nafunsa ngati si adokotala a kwa Makhuwira aja. Iye anavomera ndi mutu, maso ali pansi.